Sikelo ya Cinthu Cosaoneka

Munthu akalowa m'sitolo kukagula shuga, maso ace sacoka pa sikelo. Akamagula nsalu amayang'anitsitsa pamene wogulitsa waika cala cace pa ndodo yoyesera, ndipo mai wogula cimanga pa msika amayamba wagogoda debe kunsi kwace kuti aone ngati silinapindidwire m'kati. Zonsezi zimatheka cifukwa shuga, nsalu ndi cimanga ndi zinthu zooneka ndi maso. Koma alipo katundu wina amene mwini cigayo, mmisiri woocherera zitsulo ndi mwini buchala amagula tsiku ndi tsiku, namlipira ndalama zambiri, cikhalireco sanamuonepo ndi kale lonse. Katunduyo ndiye magetsi. Madzulo ano ndifuna kukusimbirani mbiri ya sikelo yace, ndiko kuti mamita aja a muvi kapena a manambala amene mumaona pa khoma la cigayo, pakuti wodziwa bvuto limene linabala mita iri yonse sasocera posankha yoyenera nchito yace.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Ganizani za thanki ya madzi yoikidwa pa nsanja, ndi paipi yotsika kucokera kumeneko. Pali mphamvu imene madzi akankha nayo, ndipo iyo imakula nsanja ikatalika; palinso kuculuka kwa madzi amene alikupyola m'paipimo. Mpope ukatsekedwa kukankha kulipobe, koma palibe dontho loyenda. Magetsi ali cimodzimodzi. Kukankha kwao timakuyesa ndi ma-volt, ndipo mita yace ndi voltmeter. Kuyenda kwao timakuyesa ndi ma-ampere, ndipo mita yace ndi ammeter. Maina awiriwa ndi a anthu, monga timva posacedwa.

Mita yoyamba inali thupi la munthu. Ku London kunali Henry Cavendish, munthu wolemera kwambiri ndiponso wamanyazi kwambiri, amene m'zaka za m'ma 1770 anali kufufuza za magetsi osungidwa m'mabotolo. Popeza analibe cida coyesera, anali kugwira mawaya ndi manja ace, nayerekeza ululu wa kugwidwa uku ndi ululu wa kugwidwa kuja, nalemba zonse m'buku. Zolemba zace zinagona m'bokosi kufikira James Clerk Maxwell anazisindikiza m'caka ca 1879, ndipo anthu anazizwa poona kuti munthuyo anali atayandikira coonadi ndi mitsempha yace yokha. Alessandro Volta wa ku Pavia, m'dziko la Italy, nayenso anali kulawa magetsi ndi lilime. Iyeyu m'caka ca 1800 anasanjikiza timbale ta mkuwa ndi ta zinki, pakati pace naika tinsanza tonyowa ndi madzi a mcere, ndipo mulu umenewo ndiwo kholo la mabatire onse. Kufikira lero alipo anyamata amene amayesa batire laling'ono pa lilime, ndipo mosadziwa alikutsata Volta. Koma alipo enanso oyesa waya wa m'nyumba ndi cala, ndipo amenewo alikutsata njira ya ku manda.

Cinthu cinasintha m'caka ca 1820. Mphunzitsi wina wa ku Copenhagen, Hans Christian Ørsted, anaona kuti singano ya kampasi imapotoloka magetsi akayenda m'waya wokhala pafupi nayo. Mbiriyo itafika ku Paris, André-Marie Ampère sanagone tulo, ndipo patangopita masabata owerengeka anaonetsa kuti mawaya awiri oyendamo magetsi amakokana kapena kukankhana monga maginito. Caka comweco Johann Schweigger wa ku Halle anakulunga waya kambirimbiri mozungulira singano ija, napeza kuti ngakhale timagetsi tating'ono timaigwedeza. Apa ndiye kuti cinthu cosaoneka capeza cala cocilozera. Georg Ohm, mphunzitsi wa sukulu ku Cologne, anasindikiza m'caka ca 1827 lamulo lomanga pamodzi kukankha, kuyenda ndi kukaniza kwa waya. Akuluakulu a kwao sanamlabadire, iye nasiya nchito yace mokhumudwa, ndipo ulemu unamfikira mocedwa kucokera ku London m'caka ca 1841.

Komatu zida za masiku amenewo zinali za m'cipinda ca ophunzira. Singano inali kulenjekeka pa ulusi wa silika, tebulo linayenera kukhala losapendekeka, cidaco cinayenera kulunjikitsidwa kumpoto, ndipo munthu wokhala ndi makiyi m'thumba akayandikira, muyeso unali kusokonezeka. Coipa koposa cinali cakuti panalibe muyeso umodzi wogwirizana. Wina anali kuchula kukaniza kwa waya mwa kutalika kwa waya wa mkuwa wa m'nyumba mwace, wina mwa waya wacitsulo wa kwao, monga ngati pa msika umodzi aliyense atabwera ndi debe la msinkhu wacewace.

Cimene cinakakamiza anthu kukonza zimenezi si cidwi ca ophunzira ai, koma kutayika kwa cuma. M'mwezi wa August 1858, atalephera kangapo, amalonda a ku Britain ndi ku America anatha kuyala cingwe ca lamya pansi pa nyanja ya Atlantic, kucokera ku Ireland kukafika ku Newfoundland, mtunda wa pafupifupi mailosi 2,000. Kunali cisangalalo cacikulu kutsidya ndi kuno. Koma cingweco cinali kulankhula monong'ona, kotero kuti moni wa Mfumukazi Victoria kwa Pulezidenti James Buchanan, wa mau 98 okha, unatenga maola pafupifupi 16 kuti uoloke. Pa nchitoyi panali anthu awiri osagwirizana. Wildman Whitehouse, amene poyamba anali dokotala wa opaleshoni, anakhulupirira kuti wosamva umamkuwira, motero anakankhira m'cingwemo mphamvu yofika ku ma-volt 2,000. William Thomson wa ku Glasgow, amene pambuyo pace anachedwa Lord Kelvin, anati cofunika si kukuwa koma khutu lakuthwa. Iye anapanga cida cokhala ndi kalirole kakang'ono zedi, kumbuyo kwace namamatiza timaginito. Kuwala kwa nyali kunali kugunda pa kaliroleko ndi kukagwa pa cipupa, ndipo timagetsi tofooka tocokera kutsidya kwa nyanja tinali kuyendetsa kadontho ka kuwalako kumanja kapena kumanzere.

Mwezi usanathe cingwe cinafa. Ofufuza a masiku ano amati cinali copangidwa mosalongosoka ciyambire, kotero sitingamsenzetse Whitehouse mlandu wonse. Koma palibe wokana kuti anafulumizitsa imfa yace, ndipo anacotsedwa nchito. Ndalama za eni ace zinatsala pansi pa nyanja. Atakhala pansi kufunsana cimene cinalakwika, anapeza kuti amisiri analibe ngakhale cinenero cimodzi cochulira ubwino wa waya amene anali kugula. Cotero m'caka ca 1861 bungwe la British Association linaika Thomson ndi anzace kuti akonze miyeso ya magetsi. M'caka ca 1866 combo cacikulu ca Great Eastern cinayala cingwe cimene cinagwira nchito. Ndipo m'caka ca 1881 nthumwi za maiko zinakumana ku Paris ndi kubvomerezana pa volt, ampere ndi ohm.

Miyeso inapezeka pa nthawi yace, cifukwa magetsi anali pafupi kulowa m'sitolo. Pa 4 September 1882 Thomas Edison anayatsa makina ace pa Pearl Street mu mzinda wa New York, nayamba kugulitsa magetsi a ma-volt 110 kwa eni maofesi ndi masitolo. Tsono funso linali lakuti, kodi alipiritsa bwanji? Makampani ena anali kungowerenga nyali za m'nyumba ndi kuchula mtengo wa pa mwezi, ndipo inu mudziwa cimene munthu amacita ndi nyali imene mtengo wace susintha: saizima. Edison anapanga mita yodabwitsa. M'botolo la madzi a mankhwala anamizamo timbale tiwiri ta zinki, ndipo gawo laling'ono lodziwika la magetsi olowa m'nyumba linali kupyola m'botolomo ndi kusamutsa zinki kucokera pa kambale aka kunka pa kanzace. Mwezi ukatha wanchito anali kubwera kudzatenga timbaleto, nakatiyesa pa sikelo yeniyeni, ndipo kulemera kwace ndiko kunali kuchula ngongole. M'nyengo yozizira madziwo anali kuundana, kotero anaikamo kanyali kowafunditsa. Mita imeneyi sinali yabodza kwenikweni, koma inali ndi cirema cimodzi cacikulu: wogula sakanatha kuiwerenga yekha. Sikelo inali kuseri kwa citseko ca wogulitsa, ndipo malonda otero sakhalitsa.

Munthu amene anaturutsa mita m'cipinda ca ophunzira ndi kuipatsa mmisiri wamba ndiye Edward Weston. Anabadwira ku England m'caka ca 1850, napita ku America ali mnyamata, nagwira nchito yokuta zitsulo ndi magetsi ndi yopanga makina a magetsi, ndipo kulikonse anali kubvutika ndi kusowa kwa muyeso wodalirika. Ku France, Jacques-Arsène d'Arsonval ndi Marcel Deprez anali atatembenuza kale nzeru ya Schweigger: m'malo mwa singano yoyenda pakati pa waya woima, iwo anaika koilo ya waya yoyenda pakati pa maginito oima. Weston anatenga nzeruyi naipanga yolimba. Koilo yopepuka anaikhazika pa timiyala tolimba tonga ta mu wochi, naimanga ndi tisipuling'i tiwiri tobweza muvi pa ziro, ndipo m'caka ca 1888 anayamba kugulitsa ku Newark mita yonyamula m'manja, yowerengeka pomwepo popanda masamu. Pansi pa muvi panali kalirole, kuti wowerenga aike diso lace pamene muvi ubisa cithunzi cace, asawerenge cammbali.

Taonani tsono cinsinsi cimene wogula mita ayenera kucidziwa. M'kati mwa voltmeter ndi ammeter za mtundu uwu muli mtima umodzimodzi. Koilo ija ikaikiridwa cochinga cacikulu kutsogolo kwace, kuti ingolawa pang'ono pokha, isanduka voltmeter, ndipo imalumikizidwa cammbali, pakati pa mawaya awiri. Ikaikiridwa njira yotakata pambali pace, kuti magetsi ambiri alambalale, isanduka ammeter, ndipo imaikidwa m'njira yeniyeni ya magetsi. Cifukwa cace ammeter iri ngati khomo lotseguka: woilumikiza pakati pa mawaya awiri a moto, monga amacitira ndi voltmeter, waombanitsa mawayawo ndi dzanja lace.

Mita ya Weston inali kumva magetsi oyenda njira imodzi okha, onga a batire. Koma m'zaka zomwezo George Westinghouse ndi ena anali kufalitsa magetsi obwerera-bwerera, amene ndiwo tiri nao m'Zambia muno, otembenuka ulendo wathunthu ka 50 pa sekondi imodzi. Pa magetsi otere muvi wa Weston umangonjenjemera pa ziro. Motero panabadwa mtundu wina, wa kacitsulo kokokedwa ndi koilo yoima, wosasamala kumene magetsi alikulowera. Ngwochipa, ngwolimba, ndipo ndiwo wadzaza makoma a zigayo. Mungauzindikire poona kuti manambala ace ngothithikana ku ciyambi, kumene sukhulupirika kwenikweni. Ya ngongole nayo inapezeka: Oliver Shallenberger wa kwa Westinghouse m'caka ca 1888, ndi Ottó Bláthy wa ku Budapest m'caka ca 1889, anapanga mamita a kambale kozungulira, amene wogula anatha kuwerenga yekha. Koma musasokoneze: mita ya ngongole imangokuuzani zimene mwadya, siikuuzani ngati cakudyaco cinali cabwino.

Kuno kwathu magetsi anakula ndi migodi. Dziwe la Mulungushi linatsegulidwa m'caka ca 1925 kuti lipatse mphamvu mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe. Kariba inatsegulidwa m'caka ca 1960, ndipo ZESCO inakhazikitsidwa m'caka ca 1970. Makina a pa mgodi amameza ma-ampere mazanamazana, amene sangapyole m'kabokosi ka mita. Pa cifukwa ici waya wamkulu amaupyoletsa m'mphete yacitsulo yokulungidwa waya, ndipo mpheteyo imatumiza ku mita gawo locepa, kawirikawiri losapitirira ma-ampere 5. Pa mphete pamalembedwa manambala awiri, monga 200/5, ndipo mita iyenera kukhala ya manambala omwewo. Mita ya 200/5 pa mphete ya 100/5 idzaonetsa kawiri kuposa zoona. Ndipo waya wocokera ku mphete sayenera kumasulidwa makina alikuyenda, cifukwa pamenepo pamabuka mphamvu yakupha. Mita ija yonga mbano, imene mmisiri amangoilumitsa pa waya osadula kanthu, ndi mphete yomweyo yoikidwa cogwirira.

Koma ambiri a makolo athu anakumana ndi magetsi coyamba osati pa mgodi, koma m'batire la wailesi. M'caka ca 1949 inafika Saucepan Special, wailesi yonga poto, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready pa pempho la Harry Franklin wa ofesi yofalitsa nkhani, ndipo inali kugulidwa mapaundi 5. Mawailesi atafalikira, panafunika owakonza, ndipo cida cosiririka ca mmisiri wa wailesi cinali AVO. Anaiyamba ndi Donald Macadie, injiniya wa ku Post Office ya ku Britain, amene anatopa ndi kunyamula mamita ambiri, nawaphatikiza m'bokosi limodzi; inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1923, ndipo zilembo zitatuzo ndizo ampere, volt ndi ohm. Mtundu wace wochuka, Model 8, unaturuka m'caka ca 1951 ndipo unapangidwabe kufikira 2008. Ubwino wace unali wakuti inali kulawa pang'ono zedi. M'kati mwa wailesi magetsi ngocepa, ndipo mita yaumbombo imamwa gawo la cimene irikuyesa, ndi kuonetsa nambala yotsika, mmisiri nayamba kusintha ziwalo zosadwala.

Mamita a manambala anayamba ku America m'zaka za m'ma 1950, ali akulu ndi odula. M'caka ca 1977 kampani ya Fluke inaturutsa yokwana m'dzanja, ndipo lero amagulitsidwa ngakhale pa mphasa m'mbali mwa mseu. Ine sindiwanyoza, koma ndinena kuti manambala ali ndi ulemu wonyenga. Munthu akaona 229.7 amakhulupirira msanga kuposa akaona muvi uli pafupi ndi 230, pamene kuculuka kwa manambala si umboni wa coonadi. Ndiponso pa cigayo muvi uli ndi nchito imene manambala ophethira-phethira sangaigwire: wothira cimanga amauona cakutali ulikukwera, nacepetsa dzanja.

Caka ca 2024 cinaonetsa cirema cina. Mvula itakana, madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, magetsi nazimitsidwa maola ambiri pa tsiku, ndipo amalonda anathamangira majenereta, sola ndi ma-inverter. Magetsi a ku Kariba amakwera ndi kutsika mosalala ngati funde la pa nyanja, koma a ma-inverter ena ochipa amalumpha ngati makwerero. Mita wamba ya manambala inapangidwa moganizira funde losalala lokha, kotero pa magetsi olumpha imaonetsa zocepa kapena zoculuka. Yoyenera pamenepo ndi yolembedwa True RMS. Palinso zilembo zina zimene ziri za moyo wa woigwira: CAT II ndi ya pa soketi ndi zipangizo za m'nyumba, CAT III ndi ya pa bokosi logawira magetsi, CAT IV ndi ya pamene waya wa kampani ulowera. Mita yabwino iri ndi fyuzi yodzazidwa mcenga, imene imazima moto m'kati mwace munthu akalakwitsa. Yochipa imaphulikira m'manja.

Ndinaonapo mwini cigayo wina kwathu kum'mawa atakhala pa thumba la gaga, manja ali m'masaya, mota yace itapsa pakati pa nyengo yokolola. Pa khoma panali voltmeter yokongola, ndipo muvi unali pa 400 monga mwa masiku onse. Koma mota ya cigayo imadya pa mawaya atatu a moto, ndipo mita yace inali kuyang'ana awiri okha. Wacitatu ndiye anali atafa. Waya mmodzi akafa, kapena mphamvu ikatsika, mota simaima msanga ai: imalimbikira, nikoka ma-ampere oculuka pa mawaya otsalawo, nitentha kufikira kupsa. Kaswichi kosinthira voltmeter pa mawaya onse atatu, ndi ammeter imene ikanamuonetsa muvi ulikukwera, mtengo wace sukanafika ngakhale pa cakhumi ca ndalama zimene analipira wokulunganso mota, osawerenga masabata amene amai anali kupitirira ndi matumba ao kunka ku cigayo ca mnzace. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma uyu anafunsa ndithu, kungoti anafunsa mboni imene sinalipo pamene mlandu unacitika.

Kukula kwa mita nako nkofunika, ndipo apa ambiri amaganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino. Pa nkhope ya mita ya muvi pali kanambala, monga 1.5 kapena 2.5, kochula kulakwa kumene opanga alola, ndipo kulakwako kumawerengedwa pa nambala yomarizira ya mita, osati pa cimene mulikuyesa. Voltmeter yofika pa 500 yolembedwa 1.5 iri ndi ufulu wolakwa ndi ma-volt 7.5 pena pali ponse. Pa magetsi a 400 zimenezo sizibvuta; pa batire la galimoto la ma-volt 12 mitayo iribe mau. Cotero muyambe mwawerenga kacitsulo kokhomedwa pa mota, ndi kusankha ammeter imene muvi wace, pa nchito ya masiku onse, udzakhala kupitirira pakati. Mukumbukirenso kuti mota polira coyamba imakoka ma-ampere oposa a masiku onse kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndiye cifukwa cace ma-ammeter a mota ali ndi malo ena othithikana ku mapeto, olandira kulumpha kumeneko.

Mita imakalamba monga sikelo ya m'sitolo: sipuling'i imatopa, pfumbi la ufa limalowa, kugwa kumodzi kumapinda muvi. Weston mwini anadziwa ici, ndipo m'caka ca 1893 anapanga kabatire kosasintha mphamvu, kamene kwa zaka zambiri maiko anali kuyeserapo mamita ao. M'dziko muno nchito yoyang'anira miyeso iri m'manja mwa Zambia Metrology Agency, ndipo wamalonda amene amalipiritsa anthu kapena kutsutsana ndi kampani pa umboni wa mita ayenera kukhala ndi kalata yakuti mitayo inayesedwa. Mwini cigayo wamba angathe kungopempha mmisiri wokhala ndi mita yodalirika kuti ayerekeze ziwirizo kamodzi pa caka. Ndipo mawa mukapita kukagayitsa, tayang'anani pa ngodya ya m'munsi ya mita ya pa khoma. Mudzaona tizizindikiro ting'onoting'ono: kamzere kopindika ngati njoka ndiko kuti magetsi obwerera-bwerera, kamzere koongoka ndiko kuti a batire, ndipo kacizindikiro konga cibakuwa copindika cokhala ndi kabokosi kunsi ndiko maginito ndi koilo ya Weston.